Chikolopa si mankhwala a sitima yodontha

Pali mawu awiri amene amatiwononga pa nkhani ya maulendo: "bola tafika". Timawanena tikatsika minibasi ya matayala akutha. Timawanenanso tikatsika sitima yapamadzi titagona m'chipinda chimene madzi a m'bafa anasefukira mpaka kunsi kwa bedi, chikwama chitanyowa, nsapato zikuyandama. Munthu akati adandaule, anzake amamuseka: uli panyanja ndiye ukudabwa madzi? Ena amati amenewo ndi mavuto a anthu a ndalama, ogona m'zipinda pamene anzawo atsamira matumba a ufa pansi. Ine ndikuti onsewa akulakwitsa. Madzi otuluka m'shawa ya sitima si nkhani yoseketsa, ndipo si ya olemera okha.

Tiyambe ndi mmene bafa la m'sitima limapangidwira. Nyumba yapamtunda simagwedezeka, choncho m'misiri amangopendeketsa simenti pang'ono, madzi n'kumatsata njira imodzi. Sitima imapendama uku ndi uku chifukwa cha mafunde, komanso imatha kulemera mbali imodzi malinga ndi mmene katundu wapakidwira. Madzi amene amayenera kulowa m'paipi amathawira kukhomo. Opanga sitima amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake pakhomo pa bafa amaikapo chotchinga chokwera chimene umachita kudumpha polowa, ndipo pansi ndi makoma amazimata kuti dontho lisadutse. Madzi akafika pogona ndiye kuti china chalephera: paipi yatsekeka ndi tsitsi ndi sopo, zomatira zang'ambika, kapena polumikizira mapaipi pamasuka ndi kunjenjemera kwa injini. Zonsezi zimakonzeka ndi sipanala, waya ndi maola ochepa sitima ili padoko. Sizifuna ngongole ya ku World Bank.

Nanga madziwo amapita kuti? Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Pansi pa kapeti kapena matailosi pali chitsulo, ndipo chitsulo chokhala chonyowa miyezi yambiri chimadyeka ndi dzimbiri pamalo pamene diso silifika. Kunsi kwa chitsulocho ndi denga la anthu ena, ndipo m'madenga a sitima ndi mmene mumadutsa nthambo za magetsi. Zipinda zogona nthawi zambiri zimakhala m'mwamba, pamene a matikiti otsika mtengo amakhala m'munsi. Ndiye amene akuti vutoli ndi la olemera aganize kawiri: madzi satsata mtengo wa tikiti, amangotsika. Onjezanipo gogo amene wadzuka usiku kupita kuchimbudzi, mwera ukuwomba, n'kuponda ponyowa, chipatala chili kutali maola angapo.

Wina anena kuti madzi a m'shawa sanamizepo sitima. Zoona, ndipo sindikunena kuti angaimize. Mfundo yanga ndi yakuti wapaulendo saloledwa kulowa kumene kuli injini, saona mapampu, sangayeze kukhuthala kwa chitsulo cha pansi pa sitima. Bafa ndi malo amodzi mwa ochepa pamene iye angadzionere yekha ngati eni sitima amakonza zinthu kapena amangozibisa. Kampani imene yankho lake pa paipi yotsekeka ndi kutuma mnyamata ndi chikolopa ulendo uliwonse, yatiuza kale khalidwe lake. Tingaikhulupirire bwanji pa zimene sitikuziona?

Amene akuti ndikukokomeza amve zimene zinachitika ku Ulaya. Pa 6 Malichi 1987, sitima yotchedwa Herald of Free Enterprise inanyamuka padoko la Zeebrugge ku Belgium kulowera ku Dover zitseko zakutsogolo, zolowetsera magalimoto, zili zotsegula. Woyenera kuzitseka anali m'tulo. Madzi analowa, sitimayo inagudubuka m'mphindi zochepa, ndipo anthu 193 anafa. Pofufuza kunapezeka kuti makaputeni anali atapempha kale kuti awaikire timagetsi toonetsa ngati zitsekozo zatsekedwa, koma mabwana a kuofesi sanalabadire. Woweruza Barry Sheen, amene anatsogolera kafukufukuyo, anati kampaniyo inadwala matenda a kusasamala kuyambira pamwamba mpaka pansi. Madandaulo ang'onoang'ono analipo, womvera ndiye panalibe.

Ngozi imeneyi ndi imodzi mwa zimene zinachititsa bungwe la International Maritime Organization kukhazikitsa ndondomeko ya ISM Code mu 1993. Mtima wake ndi wosavuta kumva: chilichonse cholakwika m'sitima chilembedwe, chifike kwa munthu wodziwika wa kumtunda amene angalankhule ndi akuluakulu a kampani, ndipo chikonzedwe. Ndondomekoyi imakhudza makamaka sitima zoyenda pakati pa mayiko, koma nzeru yake sifuna nyanja ya mchere.

Kuno kwathu nkhaniyi imatikhudza kwambiri chifukwa cha msinkhu wa sitima imene ambiri amadalira. Ilala inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswazidutswa, inalumikizidwa ku Monkey Bay n'kuyamba ntchito mu 1951. Kwa anthu a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe, sitima si yokasangalalira. Ndi imene imanyamula ana a sukulu, odwala, usipa ndi simenti. Chitsulo chimene chatumikira zaka zoposa 70 chimafuna kuti dontho lililonse lolowera kolakwika lilondoledwe kumene lachokera. Ndipo nyanja yathu si dziwe: Vipya inamira mu 1946 isanathe n'komwe chaka pantchito, anthu oposa 140 n'kutsala m'madzi.

Choncho zofuna zanga ndi zitatu. Choyamba, sitima iliyonse yogonamo anthu ikhale ndi buku la madandaulo pamalo poonekera, masamba ake a manambala kuti asang'ambidwe. Chachiwiri, akuluakulu a nthambi ya boma yoona za maulendo apamadzi, akamayendera sitima, aziwerenga bukulo, azitsegula mipope ya m'mabafa ndi kusenda kapeti, osangowerenga majekete opulumutsira anthu basi. Chachitatu, chipinda chodontha chisagulitsidwe mpaka chitakonzedwa, ndipo amene wagonamo kale abwezeredwe ndalama. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la mu 2003, ndipo tikiti ya sitima ndi malonda ngati ena onse.

Koma zonsezi zimayamba ndi ife. Enafe tikuphunzira uinjiniya, ena malamulo, ena utolankhani, ndipo mafoni a kamera ali m'matumba. Mukaona madzi akudutsa pakhomo la bafa, jambulani, lembani tsiku ndi nambala ya chipinda, pemphani kuti zilembedwe, ndipo mukatsika tumizani kalata kukampani ndi kuboma. Mnyamata wa chikolopa musamukalipire, iye amangochita zimene watumidwa. Mufunseni mwaulemu kuti wakolopa chipinda chimenecho maulendo angati, kenako yankho lakelo mulitengere kwa amene amasaina ndalama zokonzetsera.