Mwini Nthawi ndi Munthu Wachitatu

Akale adati liwiro la mumchenga nkuyambira limodzi, koma ulipo mpikisano wina wa njinga umene opalasa ake sayambira pamodzi konse. Aliyense amanyamuka yekha, mnzake namutsatira patapita mphindi imodzi, ndipo wopambana ndi amene watha mtundawo m'nthawi yochepa. Mwambowu udamera ku England, kumene mu 1890 bungwe la National Cyclists' Union lidaletsa mipikisano ya pamsewu pofuna kupewa mikangano ndi apolisi. Tsono mu 1895 F. T. Bidlake adakonza mpikisano wa mailosi 50, anthu akunyamuka mmodzimmodzi kuti asaoneke ngati akuthamangitsana. Kwa zaka zambiri ankapalasa m'mbandakucha atavala zakuda.

Kufikira lero, m'makalabu a ku Britain, munthu wopalasa mongokonda, wosalandira malipiro, amalimbana ndi anzake a kalabu yake yomwe. Ena amati zimenezi zimaononga chibwenzi. Iyayi. M'mipikisano yambiri mphotho ya gulu imapezeka pophatikiza nthawi za anthu atatu aliwiro a kalabu imodzi, kotero kuti mnzake amene munthu akufuna kumgonjetsa ndi yemweyonso amene akumfunira tsiku labwino.

Koma nkhani imakula pamene anayi anyamuka pamodzi ngati gulu. Mpikisano wotere udali m'masewera a Olimpiki kuyambira ku Rome mu 1960 mpaka ku Barcelona mu 1992, pa mtunda wa makilomita 100 kapena kupitirira pang'ono. Lamulo lake lidali lakuti nthawi ya gulu iwerengedwe pamene munthu wachitatu wadutsa mzere wotsiriza. Woyamba, ngakhale akhale katswiri wotani, sadali mwini nthawi.

Lamuloli lidali lanzeru, ndipo chifukwa chake ndi mphepo. Pa liwiro lalikulu, mphamvu zambiri za wopalasa zimathera pa kung'amba mpweya. Amene ali kumbuyo, gudumu lake litayandikana ndi la mnzake, amapulumutsa gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu zake, mwinanso kuposa. Nchifukwa chake anayiwo amasinthana: wakutsogolo amasenza mphepo kwa kanthawi, napatuka, nabwerera kumchira kukapuma. Ndi luso limeneli anyamata a ku Italy adatha makilomita 100 m'ola limodzi, mphindi 58 ndi masekondi 28 ku Los Angeles mu 1984.

Chiyeso chimagwera wamphamvu. Ikafika nthawi yake yotsogolera, mtima umamuuza kuti aonetse anzake kuti ngwazi ndani. Akaonjeza liwiro, mzere umaduka. Mmodzi akatsalira palibe mlandu, ndipo nthawi zina wachinayi amadzitha dala potsogolera kufikira miyendo itakana, kenaka nawasiya anzake apitirire. Koma akatsalira awiri, ngwazi ija iyenera kudikira, ifune isafune. Wamphamvu wodziwa ntchito yake sathamangitsa kuposa anzake: amangokhalitsa kutsogolo.

Alipo odandaula kuti lamuloli limalanga waluso chifukwa cha kufooka kwa ena. Dandauloli ndi lomveka, komabe likuiwala kuti anayiwo adapikisana kale polimbirana malo m'gululo. Kumeneko ndiko kwake kwa mpikisano wa pachibale, ndipo nkoyenera kuti ukhale woopsa ndithu, wopanda kukondera. Mphunzitsi aliyense amene adasankhapo ana anayi othamanga mopatsirana kamtengo akudziwa kuwawa kwa kusiya wachisanu. Atasankhidwa anayiwo, makani awo atha.

Pali mbali ina yowawa kwambiri. Ku Munich mu 1972 gulu la Netherlands lidatha pa malo achitatu, koma mmodzi wa iwo, Aad van den Hoek, adapezeka ndi mankhwala oletsedwa otchedwa coramine. Mendulo idalandidwa kwa onse anayi. Atatu aja adasenza mlandu wa mnzawo, monga momwe adasenzerana mphepo panjira.

Nzachisoni kuti mpikisanowu udachotsedwa m'masewera a Olimpiki. Ku Atlanta mu 1996, pamene opalasa olipidwa adaloledwa kulowa, m'malo mwake mudaikidwa wa munthu mmodzimmodzi, ndipo golide adamtenga Miguel Indurain wa ku Spain, amene adali atapambana kale Tour de France kasanu motsatizana.