LAPUTOPU IKAKANA KUYAKA, MUSATHAMANGILE KUFOMATA

Mwezi watha alamu anga, amene ndi mlembi wa kopaletivi ya alimi kumudzi kwathu, anafika panyumba nkhope ili yakugwa. Laputopu yao inali itayamba kudzikonza yokha, nchito imene pa Windows ichedwa Startup Repair, ndipo nchitoyo ili mkati magetsi anazima. Batile nayo inali itafa kale. Kuyambila tsikulo makinawo anali kungoyaka ndi kuzimanso. M'menemo munali maina a alimi onse ndi ndalama zimene anasonkha za feteleza. Mnyamata wina pamsika anawauza kuti mankhwala ake ndi kufomata, kutanthauza kufafaniza zonse ndi kuyamba mwatsopano.

Aŵelengi okondedwa, uphungu umenewo ngwoopsa. Startup Repair ikonza zinthu zimene zimadzutsa Windows, siikhudza makalata, maina kapena zithunzi zanu. Ikadukila panjila, kaŵili-kaŵili coonongeka ndi citseko cabe, cimanga cikali m'nkhokwe. Nanga ndani atentha nkhokwe cifukwa citseko cakana kutseguka?

Yambani mwalumikiza makinawo ku magetsi odalilika, kaya a sola, ndipo cotsani fulashi iliyonse. Windows 10 ndi Windows 11 zikalephela kudzuka kaŵili motsatizana, zitsegula zokha tsamba lobiliŵila lokonzelapo. Likapanda kubwela, zimitsani ndi batani pamene cizindikilo cayamba kuoneka, kaŵili kapena katatu. Patsambalo sankhani Troubleshoot, ndiye Advanced options, ndiye Startup Repair. Apa mpofunika kudekha. Nchitoyi itenga nthawi, ndipo ambili a ife tiononga zinthu cifukwa ca kutaya mtima msanga, nkuzimitsa makina ali pakati pa nchito.

Zikakanika, patsamba lomwelo pali System Restore, imene ibwezela Windows m'mene inalili masiku apitawo osacotsa makalata anu, malinga ngati makinawo anasungako citsanzo ca tsiku lina. Koma cenjelani ndi Reset this PC. Ipatsa njila ziŵili: Keep my files isunga zolemba zanu koma icotsa mapulogalamu amene munaikamo, pamene Remove everything isesa zonse.

Makina ena afunsa kiyi ya BitLocker, ya manambala 48. Nthawi zambili ipezeka mu akaunti ya Microsoft ya munthu amene anayamba kuseŵenzetsa laputopuyo. Inu amene mugula makina ogwilapo kale nchito, funsani za kiyi imeneyi musanapeleke ndalama.

Ngati tsamba lobiliŵila lakanilatu, mpofunika fulashi yosacepela 8 GB yoikamo Windows kucokela pa kompyuta ina, ndipo posankha, sankhani kukonza, osati kuika Windows yatsopano. Mukapita kwa okonza, auzeni kuti ayambe akopela zinthu zanu pena asanacite cina ciliconse, inu muli pomwepo. Ndipo mukamva kaphokoso ka "the-the-the" mkati, zimitsani nthawi yomweyo, pakuti mwina disiki ili kufa ndipo kuiyatsa-yatsa kuipha msanga.

Ya alamu anga inadzuka ndi System Restore usiku womwewo, maina onse ali bwino-bwino. M'maŵa mwake tinakopela kaundulayo pa fulashi ndi kumusindikizanso papepala. Za batile yatsopano, akuti adikila agulitse nshawa.