Mlendo Amene Anasanduka Mwini Dziko

Alfredo Di Stéfano anabadwa caka ca 1926 m'mzinda wa Buenos Aires, m'dziko la Argentina. Agogo ace amuna anacokera ku Italy, motero banja lace linali la alendo kale lomwe. Atakula analowa m'gulu la mpira la River Plate, ndipo caka ca 1947 anasewerera dziko lace masewera 6, namwetsa zigoli 6.

Tsono panauka mkangano pakati pa osewera ndi eni ace a magulu cifukwa ca malipiro, ndipo osewera analeka nchito. Caka ca 1949 Di Stéfano anamuka ku Colombia, ku gulu la Millonarios. Caka ca 1953 anaoloka nyanja yaikuru nafika ku Spain, ku gulu la Real Madrid. Patapita zaka zitatu boma linamlandira akhale nzika ya dzikolo, ndipo kuyambira caka ca 1957 anabvala malaya a Spain. Pa masewera ace oyamba, polimbana ndi Holland, anamwetsa zigoli zitatu.

Alipo anthu amene amati munthu wotere alibe kwao, angotsata ndalama monga mbalame itsata mapira. Mau awa ali ndi coonadi pang'ono, pakuti ndi malipiro amene anamcotsa kwao. Koma kodi wanchito amene afuna mphotho yoyenera thukuta lace wacimwa? Ndipo wotsata ndalama zokha adziwika ndi ulesi: aima pafupi ndi goli, nadikira anzace am'bweretsere mpira. Di Stéfano sanatero ai. Ngakhale malo ace anali patsogolo, anali kubwerera m'mbuyo kukathandiza oteteza, nalanda mpira, nauyendetsa pakati pa bwalo, naupatsa mnzace, nathamanganso kukaulandira kutsogolo. Munthu mmodzi anagwira nchito ya anthu atatu.

Real Madrid inatenga cikho ca magulu a ku Ulaya zaka zisanu zotsatana, kuyambira 1956 kufikira 1960, ndipo pa masewera otsiriza onse asanu Di Stéfano anamwetsa cigoli. Aja a 1960 anacitika ku Glasgow pamaso pa anthu oposa 127,000. Real Madrid inapambana Eintracht Frankfurt ndi zigoli 7 kwa 3. Zitatu zinali za Di Stéfano, zinai za Ferenc Puskás, amenenso anali mlendo wocokera ku Hungary. Dziko la Spain analisewerera masewera 31, namwetsa zigoli 23. Cinthu cimodzi cokha cinamthawa: sanasewerepo pa Cikho ca Dziko Lonse. Caka ca 1958 Spain inalephera kufikako, ndipo caka ca 1962 iye anamuka nao ku Chile, koma anali atabvulala.

Miyendo italema, analeka kusewera caka ca 1966, nayamba kuphunzitsa ena. Apa otsutsa aja asowa conena. Anabwerera kwao ku Argentina, ndipo gulu la Boca Juniors linapambana mpikisano wa dzikolo caka ca 1969 lili m'manja mwace. Caka ca 1981 anacita comweco ndi River Plate. Magulu awiriwa ali adani akuru a m'mzinda umodzi, koma onse anamkhulupirira. Ku Spain anatsogolera Valencia kupambana mpikisano wa dzikolo caka ca 1971. Sanaiwale dziko lomubala, ndiponso sanamane kanthu dziko lomlandira.

Uphunzitsi sunamkomere masiku onse. Pokhala mphunzitsi wa Real Madrid caka ca 1983, gulu lace linatsiriza laciwiri m'mipikisano isanu, osatenga cikho ngakhale cimodzi, ndipo ici cimawawa koposa kugonja kutali. Koma m'masiku omwewo iye anayang'ana pakati pa anyamata osadziwika, nasankhapo ena. Mmodzi wa iwo, Emilio Butragueño, anamlowetsa m'bwalo caka ca 1984, ndipo mnyamatayo anamwetsa zigoli ziwiri tsiku lomwelo. Pambuyo pace anyamatawa anabweretsera gululo zikho zambiri, mphunzitsi amene anawatsegulira khomo atacoka kale.

Caka ca 2000 Real Madrid inamuika akhale mtsogoleri wace waulemu. Anamwalira ku Madrid caka ca 2014 ali ndi zaka 88, ndipo thupi lace analigoneka m'bwalo la Santiago Bernabéu, kumene anthu a ku Spain anadza m'mizere italiitali kudzamlira.