Mayi aswe miyala, koma pulani asagwire?

Imani m'mawa pamalo alionse omangapo nyumba muno mu bairro ya Francisco Manyanga muone. Chidebe cha madzi okandira simenti chili pamutu pa mayi. Miyala ya konkire waswa ndi mayi, atakhala tambalale padzuwa la ku Tete lino, nyundo m'manja, zala atakulunga nsanza. Koma mwana wake wamkazi angoti akufuna uinjiniya, kuti aziwerengetsa kulemera kumene mzati ungasenze ndi zitsulo zoyenera kulowamo, atsibweni amaseka chikhakhali: "Ng'ombe yaikazi sikoka ngolo." Manyazi mulibe, bambo? Ngoloyo akuikoka kale, inu n'kumamulipira tindalama togulira mchere!

Bodza limeneli ndi lakale, ndipo silinabadwire kuno. Ku New York, Washington Roebling atadwala n'kukhala chigonere, mkazi wake Emily ndiye ankapita kukayang'anira ntchito ya mlatho wa Brooklyn, kuphunzira za zingwe ndi kulimba kwa chitsulo, mpaka mlathowo unatsegulidwa mu 1883. Udindo wa injiniya wamkulu unakhalabe wa mwamunayo. Nora Stanton Blatch anatenga digiri ya uinjiniya ku yunivesite ya Cornell mu 1905. Bungwe la mainjiniya la ku America linamulandira ngati membala wamng'ono, koma mu 1916 linamutsekera khomo lokwerera. Anakasuma kukhoti, mlandu sunamukomere. Ulemu wake anamupatsa mu 2015, mwiniwake atamwalira mu 1971. Wakumanda aulandira bwanji?

Chaka chomwecho cha 1971 ndi chimene tinataya Josina Machel, yemwe dzina lake lili pa bairro ina ya mzinda uno. Akazi a Destacamento Feminino, gulu lomwe FRELIMO inakhazikitsa mu 1967, anasenza mfuti ndi zipolopolo m'tchire, amuna ena akunyinyirika kuti nkhondo si ya akazi. Masiku ano pa 7 April, tsiku lokumbukira Josina, timavala zitenje n'kuvina, m'mawa mwake n'kuuza mwana kuti masamu amuthawitsira amuna. Zimandiwawa kwabasi.

Pitani kugombe la Zambezi mukayang'ane mlatho wa Samora Machel. Anaujambula Edgar Cardoso wa ku Portugal, atsamunda akadali pano. Wa Kassuende unabwera mu 2014. Mu January 2022 namondwe Ana anadula mlatho wa pa Revúbuè, njira ya ku Moatize. Madziwo sanafunse kuti wogwira pensulo anali ndi ndevu kapena ayi. Mitsinje yathu ikufuna mitu yowerengetsa, ife theka la mituyo tikulikankhira kubanja lisanamalize sekondale.

Inu makontrakita, mtsikana akabwera ndi digiri ya ku yunivesite ya Eduardo Mondlane, musamukhazike pakhomo kuti azilandira alendo. Mpatseni chisoti ndi jombo, akwere pamwamba akawerenge zitsulo konkire asanathiridwe. Ndipo inu atsibweni, mbuzi ija mukusungira ukwati wake, gulitsani mawa mumulipirire sukulu.