Nkhanza zina sizisiya bala

Ambiri a ife tikamva za nkhanza kwa ana, tiganiza za mwana amene amuocha manja cifukwa coba ndiwo. Imeneyo ndi nkhanza ndithu. Nanga mnyamata wa zaka 9 amene aweta ng'ombe za eni ku Katete, anzake ali ku sukulu? Alibe bala, koma ine nditi nayenso azunzika. Cimodzimodzi khanda limene salipereka ku cipimo kukalandira katemera, ndi mwana wamasiye amene amuitana "galu" tsiku ndi tsiku.

Nkhanza yoipitsitsa ibisala m'nyumba. Mtsikana akayamba mwadzidzidzi kukodza pogona, kuyenda motangadza, kapena kuthawa wacibale wina wamwamuna, amai musafulumire kunena kuti ndi mwano. Mufunseni muli awiri, mofatsa. Ngati anam'gona, thamangirani naye ku cipatala asanapite maola 72, cifukwa pambuyo pake mankhwala ocinjiriza ku HIV sathandiza. Kenaka kanenani ku polisi, ku Victim Support Unit, kapena tumani lamya pa 116 kwaulere.

Acibale akati tikambirane kunyumba, wolakwa alipire mbuzi, kanani. Mlanduwu ndi wa boma, ndipo cilango cake ndi zaka zosacepera 15 m'ndende.