Gulo alibe ululu, koma bala lake musalinyozere

Mvula ikayandikira, m'mitengo ya mango ya ku Mitundu mpaka ku Nathenje mumayamba kuoneka agulo a mitu yabuluu, akugwedeza mutu ngati akuvomera mlandu. Ndi nyengo yomweyi pamene ana amakhala kalikiliki ndi malegeni, ndipo wina amagwira gulo wovulala ndi manja n'kulumidwa. Makolo, ndi inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi, funso lomwe mudzalandire ndi lakuti: kodi mwanayu afa?

Yankho ndi lakuti ayi. Gulo alibe ululu. Abuluzi omwe amadziwika ndi ululu woopsa kwa munthu, monga Gila monster, amapezeka ku America ndi ku Mexico, osati kuno kwathu.

Pa sayansi, gulo ali m'banja la Agamidae, m'gulu lotchedwa Acanthocercus. Mtundu wodziwika kwambiri, Acanthocercus atricollis, anaulemba koyamba Andrew Smith mu 1849, ndipo agulo a gululi amapezeka kuyambira ku South Africa mpaka ku Ethiopia. Kwa zaka zambiri agulo a chigawo chino ankatengedwa ngati mtundu umodzi, koma mu 2012 akatswiri anapeza kuti ena a ku Zambia ndi mtundu paokha, n'kuwapatsa dzina loti Acanthocercus branchi. Kwa inu mayina awa si ofunikira kwenikweni. Chofunika ndi kumuzindikira.

Gulo ndi wa mutu waukulu wa makona atatu, khungu lokhakhala ndi banga lakuda paphewa. Wamkulu amapitirira masentimita 30 kuphatikizapo mchira. Mutu wabuluu uja ndi wa wamwamuna, ndipo umawala kwambiri nyengo yotentha pamene akufuna wamkazi kapena akuthamangitsa mnzake pamtengo pake. Wamkazi ndi wotuwa ngati khungwa la mtengo, moti ambiri amamuyesa nyama ina. Mukamuyandikira amazembera kuseri kwa thunthu. Akasowa kothawira amayasamula, n'kuonetsa m'kamwa mwachikasu mofiirira, ndipo ndikuganiza kuti mbiri yoti ndi waululu inachokera pamenepa. Chakudya chake ndi nyerere, mbozi ndi tizilombo tina, choncho kumunda ndi mnzanu.

Achibale ake nawonso amanamiziridwa. Bilimankhwe alibe ululu, ngakhale amafufuma ndi kuchita phokoso akaopsezedwa. Mwa njira, dzina lake lina lija, nadzikambe, linalowa m'mabuku a sayansi: wa m'nkhalango za phiri la Mulanje amatchedwa Nadzikambia mlanjensis. Nalimata wa pakhoma ndi buluzi wa mizere wa pakhonde ndi osaopsa. Ng'azi ya m'madambo ndi m'mitsinje ngati Linthipe ndiyo yofunika kuipatsa mpata, chifukwa imafika mamita awiri, mano ndi zikhadabo zake zimang'amba, ndipo imakwapula ndi mchira.

Nanga vuto lili pati? Lili pa bala. Gulo wamkulu amaluma mpaka kutulutsa magazi, ndipo bala lililonse lolowa dothi likhoza kutukusira kapena kubweretsa kafumbata. Tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri oyera, phimbani ndi kansalu koyera, kenako onani m'buku la kuchipatala ngati mwanayo analandira katemera yense. Osapakapo dothi, phulusa, ndowe kapena fodya. Osatema mphini. Bala likakhala lakuya, likayamba kufiira, kutentha kapena kutuluka mafinya, pitani naye kuchipatala. Abuluzi amanyamulanso tizilombo ta Salmonella toyambitsa kutsegula m'mimba, motero mwana amene wagwira gulo, wamoyo kapena wakufa, asambe m'manja ndi sopo asanagwire nsima.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Tikazolowera kunena kuti buluzi sapha, tikhoza kugona ndi mwana wolumidwa ndi njoka. Nyengo yosoka ndi kubzala ino njoka zimayenda, ndipo mwana wolumidwa m'udzu madzulo nthawi zambiri saona bwino chimene chamuluma. Ena amanena kuti ndi buluzi poopa kukalipiridwa. Kumbukirani kuti gulo amayenda masana, usiku amagona pamtengo, ndipo saluma munthu amene sanamugwire.

Choncho ngati palibe wamkulu amene anaona nyamayo ndi miyendo yake inayi, tengani kuti ndi njoka. Kupweteka kwambiri ndi kutupa kokwera m'mwamba, monga zimachitikira ndi mphiri, si za gulo. Zikope kugwa, malovu kutayika, kulephera kumeza kapena kupuma movutikira ndi zizindikiro za njoka ngati mamba, ndipo pamenepo bala likhoza kuoneka laling'ono. Bungwe la WHO linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu 2017, ndipo kuchedwa kufika kuchipatala ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu amafera kapena kudulidwa chiwalo.

Zikatere musamange chingwe cholimba, musayamwe bala, musataye nthawi kusaka njokayo. Chotsani zibangili ndi nsapato, mwendo kapena mkono ukhale wosagwedezeka, ndipo mwanayo anyamulidwe, asayende yekha. Pezani njinga yamoto kapena galimoto nthawi yomweyo, kupita ku Mitundu Community Hospital kapena ku Nathenje Health Centre, komwe angamuunike ndi kumutumiza ku Kamuzu Central Hospital ngati pakufunika kutero.