Mwezi Umene Umaitanira Ana Kwawo

Chaka chilichonse, pa tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chitatu pa kalendala yamakolo ya ku China, mabanja amadyera pamodzi madzulo kenako n'kutuluka panja kukaona mwezi. Kalendala imeneyi imatsata kayendedwe ka mwezi, choncho tsikuli limagwa mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, mwezi uli wathunthu. Eni ake amati Zhongqiu Jie, chikondwerero cha pakati pa nyengo yokolola.

Ambiri a ife tikangomva zoti anthu akukondwerera mwezi, timagamuliratu kuti kumeneko n'kupembedza mafano basi. Chigamulo chotere chili ndi theka chabe la choonadi, ndipo kwa ife amene tikukonzekera kukaima kutsogolo kwa kalasi, theka silokwanira.

Tiyambe ndi theka loonalo. Mafumu akale a ku China ankaperekadi nsembe kwa dzuwa nyengo yodzala, ndi kwa mwezi nyengo yokolola. Ku Beijing kudakali malo otchedwa Yuetan, guwa la mwezi, amene anamangidwa mu 1530 kuti mfumu izikaperekerako nsembezo. Koma mwambowu sunathere kunyumba yachifumu. M'nthawi ya ufumu wa Tang (618 mpaka 907), anthu ophunzira ankachezera kuyang'ana mwezi ndi kupeka ndakatulo. Pofika mu ufumu wa Song (960 mpaka 1279), usikuwu unali utasanduka wa aliyense, olemera ndi osauka omwe.

Palinso nthano imene agogo kumeneko amasimbira adzukulu. Akuti kale kumwamba kunatuluka madzuwa khumi nthawi imodzi, mbewu n'kupserera. Katswiri wa uta, Hou Yi, analasa asanu ndi anayi n'kusiya limodzi, ndipo anapatsidwa mankhwala oletsa imfa. Mkazi wake, Chang'e, ndiye anamwa. Ena amati anachita kuba, ena amati anamwa kuti munthu woipa asalande. Mulimonsemo, anauluka mpaka kumwezi, kumene akukhala ndi kalulu wosinja mankhwala mu mtondo. Taonani chimene nthanoyi ikunena: mayiyu anapeza moyo wosatha, koma anataya banja. Nthanoyi ikulira chifukwa cha kulekana.

Apa ndiye pagona tanthauzo la lero. M'Chitchaina, mawu oti "kukumananso kwa banja" ndi tuanyuan, ndipo yuan amatanthauza chinthu chozungulira. Mwezi wathunthu ndi wozungulira, tebulo limene banja limadyerapo ndi lozungulira, ndiponso makeke a mwezi amene anthu amapatsana ndi ozungulira. M'kati mwake amaikamo phala lotsekemera la nyemba zofiira kapena la njere za lotus, nthawi zina ndi yolk ya dzira la bakha yothira mchere, yoimira mweziwo. Keke imodzi amaidula tizidutswa kuti aliyense alaweko.

Kuyambira mu 2008, tsikuli ndi tchuthi cha boma ku China. Tchuthichi chinabwera pamene anthu mamiliyoni ambiri anali atachoka m'midzi kukagwira ntchito m'mafakitale a m'mizinda monga Shenzhen ndi Guangzhou, ambiri atasiyira agogo ana. Kwa mayi amene walephera kupeza tikiti ya sitima, mwezi ndiwo chinthu chokhacho chimene iye ndi mwana wake angachione pamodzi usiku umenewo. Makolo athu anati apawo ndi mizu ya kachere, amakumana pansi. Anzathuwa amakumana m'mwamba.

Wina anena kuti chiyambi n'chiyambi, sichifufutika. N'zoona kuti mpaka lero mabanja ena amayala zipatso panja ndi kufukiza lubani kwa mwezi. Zimenezo ife sitingachite nawo, pakuti Deuteronomo 4:19 amatichenjeza za kugwadira dzuwa, mwezi ndi nyenyezi. Koma tisaiwale kuti mawu akuti Monday, amene timalemba pabolodi mlungu uliwonse, poyambirira ankatanthauza tsiku la mwezi. Palibe amene amati mphunzitsi wolemba mawuwa akupembedza mwezi. Tifunse kumene chinthu chinachokera, inde, koma tifunsenso chimene anthu akuchita nacho lero.

Sitikunena kuti chikondwererochi chilibe banga. Malonda analowererapo, moti makeke a m'mabokosi okwera mtengo anasanduka njira yoperekera ziphuphu. Mu 2013 boma la China linaletsa akuluakulu a m'maofesi ake kugula makekewa ndi ndalama za boma. Komatu kudandaula kwa anthu pa zimenezi kukusonyeza kuti akudziwa cholinga chenicheni cha kekeyo: ndi yodyera pabanja, si yogulira udindo.

Tsiku lina mwana m'kalasi mwathu adzaona chithunzi cha nyali zofiira ndi makeke ozungulira, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, anthuwa akutani?" Tikadzangoyankha kuti akupembedza mwezi, tidzamuphunzitsa kunyoza zimene sakuzidziwa. Tikadzati ndi phwando chabe, tidzamubisira mbiri. Tidzamuuze zonse: za guwa la ku Beijing, za Chang'e, ndi za mayi wa ku fakitale amene akuimbira foni mwana wake, onse awiri akuyang'ana mwezi umodzi.